Mutu 7: Kampando ka Kachangu

1. Chitseko chotseka

Loweruka limenelo Sipoko anadzuka wosamudzutsa munthu. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake akusukulu chifukwa anali wamtali, woonda ngati sipoko ya njinga, ndiponso sankasiyana ndi njinga yake. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, ndipo ankakhala ndi asisi ake ndi alamu ake m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kuseri kwa nyumba yaikulu ya eni malo.

Tsikulo linali lalikulu kwa iye. Aphunzitsi a sayansi anasankha ana anayi oti akapikisane ndi sukulu zina, ndipo Sipoko anali m'gulumo. Basi inali yonyamuka pageti la sukulu teni koloko.

"Wochedwa adzationera kumsana," aphunzitsiwo anatero Lachisanu. "Ana ofuna malo amenewa alipo ambiri."

Asisi anali atapita kale kuntchito, kumalo ochapira zovala, kumene ankasita nsalu za m'mahotela. Alamu anali dalaivala wa lole, ndipo anali paulendo kuyambira Lachitatu. Ntchito ya Sipoko m'mawa uliwonse inali yomusambitsa Kachangu, kumudyetsa, n'kukamusiya kwa amayi olera ana, nyumba yachinayi kuchoka pawo.

Kachangu anali mwana wa asisi. Ankamutcha choncho chifukwa anabadwa kutatsala miyezi iwiri kuti masiku ake akwane, ngati kuti wina ankamuthamangitsa. Anakhala masabata atatu m'chipatala asanabwere kunyumba. Tsopano anali mwana wosekaseka, wa masaya onona, wokonda kukoka makutu a aliyense womunyamula.

Sipoko atafika kwa olera ana anapeza chitseko chili chotseka. Mayiwo anasuzumira pawindo.

"Usayandikire naye, mwanawe," anatero. "Ana anga awiri adzuka ndi katsabola thupi lonse. Lero sindilandira mwana wa munthu aliyense. Asisi ako ndawaimbira kangapo, foni sikulowa."

"Amati akamalowa muntchito amasiya foni m'kabati," Sipoko anayankha. "Ndiye ine nditani naye? Ndili ndi ulendo wa kusukulu."

"Kamupereke kwa amayi ake. Palinso kwina?"

Windo linatsekedwa. Sipoko anayang'ana wotchi ya pafoni. Inali itangodutsa hafu pasiti eyiti.

2. Nambala ya alamu

Kuchoka kunyumba kukafika kochapira zovala unali ulendo wa ola lathunthu wapansi, ndipo kuchoka kumeneko kupita kusukulu mphindi zina makumi atatu. Maminibasi a njira imeneyo ankayamba azungulira kudepoti, n'kudikira kuti adzaze. Panjinga ulendo wonsewo sukanapitirira theka la ola.

Njingayo inali pakhonde, ndipo pakaliya pake panali kampando kapulasitiki kobiriwira, kokhala ndi malamba atatu ndi popondera miyendo. Alamu anakagula masabata awiri apitawo kwa ogulitsa katundu wakale, n'kukamangirira tsiku limene ankanyamuka. Asisi atakaona panjingapo anangoti, "Kasiyeni kaye kameneko." Kuyambira pamenepo Sipoko ankangoikapo chikwama cha mabuku.

Anawaimbira alamu. Anayankha injini ikulira kumbuyo.

"Mlamu, kwagwanji m'mawa uno?"

Sipoko anafotokoza zonse mwachangu.

"Ndiye vuto lili pati?" alamu anaseka. "Kampando kameneko ndinagulira ndani, mabuku ako? Tayang'ana kumbuyo kwake, pali kapepala komata. Palembedwa nambala yanji?"

Sipoko anawerama. Kapepalako kanali kofufutika, ndipo mawu ake anali a chilankhulo chimene sanachionepo. Zooneka bwino zinali nambala ziwiri zokha.

"Pali naini, kenako kamzere, kenako twente-thuu."

"Basitu. Kuyambira miyezi naini mpaka miyezi twente-thuu. Mnyamatayo wakwanitsa miyezi naini Lachiwiri lapitali. Anthu amene anapanga kampandoko ndi ophunzira kuposa iwe ndi ine. Mumange bwino, uziyenda pang'onopang'ono. Mwana wa dalaivala saopa msewu."

"Koma alamu, asisi anati..."

"Asisi ako amaopa ngakhale mthunzi wawo womwe. Ndikulowa pasikelo ya magalimoto, ndidula kaye."

Foni inaduka.

3. Nambala ya anamwino

Sipoko anakhala pampando, Kachangu ali pamiyendo. Zimene ankafuna kuwauza alamu zinali za sabata yapitayo, pamene anawaperekeza asisi kusikelo ya ana. Asisi anafunsa za kampandoko, ndipo anamwino anavula magalasi asanayankhe.

"Mayi, mundimvetse bwino," anamwinowo anatero tsiku limenelo. "Mutu wa khanda ndi waukulu, khosi ndi laling'ono. Msewu umene inu mumauona wosalala, kwa iye ndi mabampu okhaokha, ndipo bampu iliyonse imathera m'khosi ndi mumsana. Sangakuuzeni kuti ndatopa. Mudikire mpaka azikhala yekha nthawi yaitali, opanda mapilo, opanda womugwira. Mudikire mpaka khosi lizitha kunyamula mutu pamodzi ndi chisoti chotetezera, chifukwa popanda chisoti asakwere n'komwe. Ine mukandifunsa ndimati chaka chikwane. Komanso wanuyu musamamuwerengere ngati anzake. Anafulumira ndi miyezi iwiri. Pa nkhani za kukhala ndi kukwawa, muziyambira kuwerenga tsiku limene anayenera kubadwa, osati limene anabadwa."

Tsiku limenelo Sipoko sanasamale kwenikweni, maganizo ake anali pa mafunso a sayansi. Lero mawuwo anabwerera, koma anabwerera osakanikirana.

Anawerenga ndi zala. Kuyambira tsiku lobadwa, miyezi naini. Kuyambira tsiku limene anayenera kubadwa, seveni. Anamwino amafuna thwelofu. Koma thwelofu yake yoyambira pati? Nanga opanga kampando aja ankadziwa kuti kuli ana ena ofulumira?

"Iwe uli ndi miyezi ingati kwenikweni?" anamufunsa Kachangu.

Kachangu anamukoka khutu.

4. Mano awiri

Panja panamveka makiyi. Anali eni nyumba, mayi wachikulire wonenepa, atavala zapaulendo, ambulera ili m'khwapa. Sipoko anathamanga.

"Amayi, mungandisungireko mwanayu mpaka masana?"

"Ndikanakusungira, mwana wanga, koma lero ndi tsiku langa kuchipatala cha maso. Akandithira mankhwala aja ndimangoona nkhungu mpaka madzulo. Mwana ndingamusokoneze ndi pilo."

Sipoko anawafotokozera za basi, za alamu ndi za anamwino. Eni nyumba anayang'ana kampandoko n'kukagogoda ndi ambulera.

"Tizinthu totereti n'ta anthu osadziwa kubereka," anatero. "Ine ana asanu ndawalera, onse anakwera njinga ali kumsana kwanga, bambo awo akupalasa. Alipo anathyoka khosi? Wachitatu uja anakwera asanathe mwezi, lero ndi uyo akunyamula matumba a simenti. Anamwino a masiku ano akuchulutsa mabuku. Mwana sawerengedwa ndi kalendala, amaonedwa m'kamwa. Tayasamula, bambo."

Anamutsitsa Kachangu mlomo wapansi ndi chala.

"Ona, mano awiri. Mwana akamera mano ndiye kuti mafupa akhwima. Koma pakapulasitiki apo usamuikepo, mphepo imulowa m'chifuwa. M'bereke ndi nsalu, umange kawiri, ukwere njinga yako uzipita."

Anatsegula ambulera n'kutuluka pageti.

Sipoko anatsala atagwira njakata. Alamu akuti kampando, lero lomwe. Anamwino akuti kampando, koma chaka chikwane. Eni nyumba akuti njinga inde, kampando ayi. Onse anali akuluakulu, ndipo aliyense analankhula ngati munthu wodziwa.

Wotchi inati kwatsala mphindi zisanu kuti ikwane naini koloko. Naini winanso.

"Alamu ndiye bambo a mwana," anatero Sipoko mokweza, ngakhale panalibe womumva. Anaika matewera, botolo la madzi, nsalu ndi buku la kusikelo m'chikwama, n'kukhoma chitseko.

5. Kuchoka pageti kukafika pagolosale

Kumukhazika Kachangu sikunali kophweka. Njinga inkafuna kugwa, choncho anaitsamiritsa kukhoma n'kuigwira ndi bondo. Malamba anawakoka mpaka pomalizira, komabe anali otaya. Mwanayo anamira m'kampandomo ngati dzira m'mbale yaikulu. Miyendo yake sinafike popondera. Sipoko anapinda matewera awiri n'kumutsamiritsa uku ndi uku. Chisoti panalibe, ndiye anamuveka kachipewa kaulusi.

Pokwera anaiwala. Anakweza mwendo kumbuyo monga mwa masiku onse, nsapato yake n'kudutsa pafupi ndi mphuno ya mwana. Anatsitsa mwendo msanga. Kachiwiri anadutsitsa mwendo kutsogolo kwa chishalo.

Njinga imene ankaidziwa ngati dzanja lake inasanduka yachilendo. Akapalasa, kumbuyo kunkagwedezeka ngati mchira wa galu. Akapinda mahandulo pang'ono, kulemera konse kunkamukokera mbali imodzi.

Kachangu anayamba ndi kuseka. Ankamenya msana wa Sipoko ndi timanja take, akulankhula chilankhulo chake.

"Ukuona?" Sipoko anatero. "Amayi ako aang'ono ndi dalaivala woposa bambo ako."

Anadutsa nyumba ya olera ana, anadutsa pampopi. Msewu unayamba kutsetsereka pang'ono. Pafupi ndi golosale panali hampu imene tsiku lililonse ankaidumpha ataimirira pamapedulo. Lero anagwira buleki, koma mochedwa. Tayala lakutsogolo linakwera bwino. Lakumbuyo linamenya, kampando n'kulira kuti gu.

Kuseka kuja kunatha. Timanja tija tinasiya kumenya msana.

"Kachangu?"

Kunali zii. Sipoko anayesa kucheuka, njinga inapita pakati pa msewu. Anabwezera maso kutsogolo. Anayesanso, koma ankangoona phewa lake lomwe.

"Mtsikana iwe, mwanayo wapindika!" anakuwa mayi wina wogulitsa tomato.

Sipoko anafinya mabuleki onse awiri. Anaponda pansi ndi phazi lamanzere, koma kulemera kwa kumbuyo kunapitirizabe kugwera kumanja. Anamva njinga ikumuchoka m'manja pang'onopang'ono, iye osatha kuibweza.

Dzanja lakuda ndi girisi linagwira kaliya.

"Tsika bwinobwino, ndagwira," anatero mawu a bambo wachikulire. "Mwendo udutse kutsogolo."

6. A Positi

Anali a Positi, okonza njinga pansi pa kashedi ka malata pafupi ndi golosaleyo. Anagwira ntchito yogawa makalata panjinga zaka makumi atatu asanapume, ndipo dzina linawakakamira.

Kachangu anali atatsetserekera pansi n'kupendekera kumanja. Thewera limodzi linali litagwa panjira. Chibwano chinali pachifuwa, lamba wa paphewa atafika m'khosi, kachipewa katatseka maso ndi mphuno. A Positi atakweza kachipewako mwanayo anaphethira, anayang'ana nkhope yachilendoyo, kenako analira kulira kwenikweni.

"Alire," anatero a Positi. "Wolira ali moyo. Mumasule, umunyamule."

Chomangira lamba chinamukanika Sipoko kawiri. Atamutulutsa anamuyang'ana khosi, manja ndi miyendo. Panali kamzere kofiira pansi pa khutu, basi. Anamukumbatira mpaka kulira kunachepa.

"Wakuuza ndani kuti wakwana?" a Positi anafunsa.

"Alamu. Akuti palembedwa miyezi naini."

A Positi ananyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta kapepala kaja. Pambuyo pa twente-thuu panaoneka timalemba tiwiri totuwa.

"Wa sukulu ndiwe. Werenga."

Sipoko anayandikira. Panali k ndi g.

"Makilogalamu," anatero motsitsa mawu.

"Buku la kusikelo uli nalo? Amalemera bwanji?"

Anatsegula tsamba lomaliza. "Seveni ndi pang'ono."

"Ndiye naini wa alamu ako sanafike n'komwe. Koma usaganize kuti akadzangokwana makilo naini ndiye kuti zatheka. Yala katoni iyo pansi, umukhazike. Usamugwire."

Sipoko anamukhazika Kachangu pakatoni. Mwanayo anakhala mowongoka, akuyang'ana masipoko onyezimira amene anapachikidwa pakhoma. A Positi ankawerenga masekondi. Atafika sikisi, Kachangu anayamba kupendekera kutsogolo, ndipo Sipoko anamuwakha mphumi isanagunde pansi.

"Waona? Apa ndi pansi, sipakugwedezeka. Nanga panjinga?"

A Positi anakhala pandowa yovundikira, napukuta manja ndi kasanza.

"Mvetsera, mdzukulu wanga. Ine ndanyamula makalata, maphukusi, ngakhale magalasi a mawindo panjinga. Katundu ukamumanga amakhala pamene wamuika. Mwana si katundu. Amagona, amatembenuka, amaponya dzanja kuti agwire chimene waona. Khanda likagwedezeka pang'ono limagona, ndipo likagona mutu umagwera kutsogolo kapena pambali, iwe uli kutsogolo osaona kanthu. Lero wakuuza ndi wa tomato. Mumsewu waukulu akanakuuza ndani?

"Chachiwiri, malamba. Lamba wotaya ndi chingwe cha pakhosi. Ukaona kuti mpaka ukuikamo matewera kuti mwana akwanemo, dziwa kuti mpando ukukuuza kuti sanafike. Chachitatu, chisoti. Kachipewa kaulusi kamateteza kuzizira, sikateteza phula. Ndipo chisoti chili ndi kulemera kwake. Khosi limene likulephera mutu wokha lingathe mutu ndi chisoti?

"Chinanso ndi iwe mwini. Unayamba wayendapo ndi kulemera kumbuyo kotere? Musanadzamukweze, udzamange chigubu cha madzi pakampandoko, uzungulire nacho masiku angapo. Uphunzire kukwera, kutsika, kuima mwadzidzidzi. Chigubu chikagwa timatunga ena. Ndipo tsiku lililonse, ngakhale atakula, usadzamusiye pakampando njinga ili pasitandi, ngakhale kuti ukungolowa m'golosale."

"Eni nyumba amati ndimubereke kumsana n'kukwera," Sipoko anatero. "Akuti awo onse asanu anakula choncho."

"Awo asanu anapulumuka, n'chifukwa chake amawawerenga. Ukagwa mwana ali kumsana, umagwera pa iye. Ine wanga woyamba ndinamukhazika pakaliya pa njinga ya ntchito ali ndi chaka ndi theka, ndikuti ndikungofika pakona. Kaphazi kanalowa m'masipoko. Lero ndi mayi wa ana atatu, koma nsapato yakumanzere amagulabe yosiyana ndi inzake. Sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi. Ndimadzinena ndekha ndikamuona akubwera."

Anatola sipanala n'kuyamba kuitembenuza m'manja.

"Ndiye liti, agogo?" Sipoko anafunsa. "Alamu akuti naini, anamwino akuti chaka, eni nyumba akuti mano, inu mukuti makilo ndi kukhala. Wolondola ndani?"

"Za mano zisiye. Zinazo zimafunika zonse pamodzi, palibe imodzi yokwanira payokha. Tsiku lenileni ine sindingakupatse, ndine wa matayala. Akadzayamba kukhala yekha osagwa, mudzapite naye kwa anamwino aja pamodzi ndi kampandoka, akamuone. Chimene ndikudziwa n'chakuti si lero."

7. Kusankha

Wotchi inati twente pasiti naini.

Sipoko anayang'ana msewu. Akanakwera tsopano, n'kumayenda pang'onopang'ono, akanafikabe. Hampu zotsala zinali ziwiri zokha, ndipo akanatha kutsika n'kukankha. Mafunso a sayansi anawaloweza masabata asanu. Kunyumba kwawo kunalibe amene anasankhidwapo kukaimira sukulu.

"Agogo, simungandisungireko inuyo? Ndikangofika kusukulu ndiwauza aphunzitsi, mwina..."

A Positi anamuonetsa manja awo, kenako mbaula yotenthetsera zigamba za machubu, misomali ndi mawaya zili mbwee pansi.

"Pano si malo a khanda. Komanso sandidziwa, angalire mpaka madzulo. Njinga ndi yako, mwana ndi wa asisi ako, ine sindingakugwire mwendo. Ndanena zimene ndikudziwa."

Anatenga chubu n'kuyamba kuchiviika m'beseni, kufunafuna pobowoka.

Sipoko anaimirira pamenepo kanthawi. Kachangu anali atasiya kulira, akuyamwa kolala ya yunifolomu. Kamzere kofiira kaja kanali kakadalipo pansi pa khutu.

Anatulutsa nsalu m'chikwama. Mayi wa tomato uja anabwera kudzamuthandiza kumukweza mwana kumsana, namangitsa mfundo yapachifuwa.

"Njingayi itsale pano," Sipoko anatero. "Ndidzatenga madzulo."

"Ndikuchotsera kampandoka?" a Positi anafunsa osatukula mutu.

"Chotsani. Alamu ndikawauza ndekha."

Anawalembera aphunzitsi uthenga pafoni, wopepesa. Yankho silinabwere.

8. Msewu waukulu

Makilogalamu seveni ndi ochepa papepala. Kumsana, padzuwa, chikwama chili m'manja, ankachuluka pa kona iliyonse. Nsapato za sukulu zinayamba kumuluma chidendene. Kachangu anagona asanafike pamlatho, mutu utatsamira pakati pa mapewa, mpweya wake wofunda ukumveka pakhosi pa Sipoko.

Teni koloko inamupeza ali mumsewu waukulu, pafupi ndi malo omwetsera mafuta. Patapita mphindi zochepa basi ya sukulu inatulukira kutsogolo, ikubwera mbali yake. Aphunzitsi anali pampando wakutsogolo, maso ali papepala. Pawindo lachiwiri panali mnzake wokhala naye desiki imodzi, ndipo pambali pake panakhala mtsikana wa kalasi ina, amene pamayeso osankhira anali wachisanu.

Mnzakeyo anamuona. Anatsegula pakamwa, anakweza dzanja, koma basi inali itadutsa kale.

Sipoko anaima mpaka utsi unatha. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, anamukweza Kachangu m'mwamba pang'ono, n'kupitiriza ulendo. Panjira anakonza mawu oti akawauze asisi. Akayamba ndi katsabola, kenako makilogalamu. Za hampu akanena pomaliza, asisi atamunyamula kale mwana n'kuona okha kuti ali bwino.

9. Kochapira zovala

Malowo anali nyumba yaitali ya malata, yotuluka nthunzi m'mapaipi a kumbali. Ngakhale panja pankamveka fungo la sopo ndi la nsalu zotentha. Pakhomo lotsegula ankaona makina akuluakulu akuzungulira, ndi azimayi ovala maepuloni oyera atandandalika pamatebulo ositira. Sipoko anali asanalowepo, ankangodutsa panjinga.

Mlonda wa pageti anamva nkhani yake n'kupita kukaitana akapitawo. Anatuluka mayi wamfupi, cholembera chili kukhutu, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Ukufuna ndani?"

Sipoko anawafotokoza asisi ake, aatali, a mpata m'mano, ositira patebulo la pafupi ndi windo monga ankanenera kunyumba.

"Mayi wa mwana wobadwa masiku osakwana uja?" Akapitawo anasuzumira kumsana kwa Sipoko. "Ndi ameneyu? Wakula bwanji. Iwe ndiwe mng'ono wake?"

"Eya. Olera ana akudwazika, ndiye ndabwera naye. Mungawaitaneko?"

Akapitawo anayang'ana mlonda, mlonda anayang'ana pansi.

"Wakutuma ndi iyeyo kuti ubwere kuno?"

"Ayi, foni yawo sikulowa. Ili m'kabati."

"Kabati yake tinapatsa wina," anatero akapitawo pang'onopang'ono. "Mkulu wako anasiya ntchito kuno masabata atatu apitawo. Anabwera m'mawa, anabweza makiyi, sananene chifukwa."

"Mwina mukunena wina. Anyamuka lero m'mawa, epuloni ili m'chikwama. Dzulonso. Ndimawasitira ndine."

"Mwana wanga, ine anthu anga ndimawadziwa. Tayang'ana wekha patebulo la pawindo."

Sipoko anayang'ana. Panali mayi wina wachikulire, wa imvi, akupinda nsalu ya pabedi.

Wina anaitana m'katimo, ndipo akapitawo anamugwira Sipoko paphewa n'kubwerera kuntchito. Mlonda anakankha geti mpaka linatsala kampata kakang'ono.

Sipoko anaimbanso nambala ya asisi. Sinalowe. Anatsegula nambala ya alamu, chala chili pamwamba pake, koma sanadine. Kumsana Kachangu anadzuka, anayamba kufunafuna ndi kamwa pa yunifolomu, kenako analira kulira kwa njala.

"Pepa, bambo," Sipoko anatero akumugwedeza. "Tiwapeza."

Mlonda anatsokomola. Anayang'ana kukhomo kuti aone ngati akapitawo alowadi, kenako anayandikira pakampata kaja.

"Ine sindinakuuze kanthu," anatero motsitsa mawu. "Koma m'mawa uliwonse mkulu wako amadutsa pano, tsidya ilo la msewu, nkhope atayang'ana kumbali. Amakhotera pamsewu wachiwiri uwo, wopita kuchipatala chachikulu."